Kujambula magalasi amitundu ndi kuwala kwa m'tchalitchi cha kumudzi

Zithunzi zambiri zojambulidwa m'tchalitchi zimalephera mofanana. Makoma, mabenchi ndi guwa zimatuluka bwinobwino, koma pamene panali zenera la magalasi amitundu pamangotsala chigamba choyera mbee. Wojambula amayamba kunyoza kamera yake, chonsecho kamerayo yachita zomwe inapangidwira. Yaona kuti mbali yaikulu ya chithunzi ndi mdima, ndiye yalowetsa kuwala kochuluka kuti mdimawo uoneke, ndipo zenera lapserera.

Chiyambi cha zonse ndi kumvetsa kuti zenera lotere siliwalitsidwa ngati khoma kapena nkhope ya munthu. Kuwala kumachokera kuseri kwake n'kudutsa m'galasimo. Mukaloza kamera pazenera ndiye kuti mukujambula nyali yoyaka, ndipo chipinda chonse chozungulira nyaliyo ndi chamdima.

Ojambula amayeza kusiyana kwa kuwala m'masitopu. Sitopu imodzi ndi kuwirikiza kawiri. Tiyerekeze kuti kamera ili pa ISO 100 (ISO ndi muyeso wa mmene kamera imamvera kuwala) ndi f/8 (kukula kwa bowo la lenzi lolowetsa kuwala). Tsiku lowala, zenera lingafune shutter (nthawi imene kamera imakhala yotseguka kuti kuwala kulowe) ya 1/125 ya sekondi, pomwe khoma lomwe lili pambali pake lingafune masekondi 2. Kuchoka pa 1/125 kufika pa masekondi 2 ndi masitopu 8, kutanthauza kuti zenera likuwala maulendo oposa 250 kuposa khomalo. Diso la munthu silidandaula nazo chifukwa limasintha lokha mukamayang'ana uku ndi uko. Sensa ya kamera, kachipangizo kolandira kuwala, imayenera kumeza zonsezo nthawi imodzi. Ngakhale makamera abwino, amene pa RAW (fayilo yosunga zonse zomwe sensa yalandira) amafika masitopu 12 kapena 14, sasunga mitundu yokhuta kumapeto onse awiri a muyesowo, ndipo JPEG imasunga zochepa kuposa apo.

Choncho musanakhudze batani lililonse, dziwani chithunzi chomwe mwabwerera. Pali chithunzi cha galasi lenilenilo, pali cha chipinda pamodzi ndi mazenera ake, ndipo pali cha kuwala komwe kwadutsa pazenera n'kukagwera pakhoma kapena pansi. Chilichonse chili ndi nthawi yake komanso katcheredwe kake ka kamera. Wofuna kupha zonse zitatu ndi kudina kamodzi nthawi zambiri amabwerako wopanda ngakhale chimodzi.

Galasi lomwe mukujambulalo

Mtundu wa galasi lenileni la m'tchalitchi si penti wopakidwa pamwamba. Umalowa m'galasi likadali losungunuka pamoto. Cobalt amapereka buluu, chitsulo ndi mkuwa zimapereka kubiriwira, manganese amapereka pepo, ndipo mkuwa womwewo ukatenthedwa mwanjira ina umapereka kufiira. Galasi lofiira likanakhala lofiira mpaka mkati monse likanaoneka pafupifupi lakuda, n'chifukwa chake amisiri amayala kachikopa kopyapyala kofiira pamwamba pa galasi loyera. Chikasu chambiri chomwe mumaona m'tsitsi, m'zisoti ndi m'mphepete mwa zovala chimachokera ku mankhwala a siliva opakidwa kuseri kwa galasi n'kuwotchedwa, luso lomwe linafala ku Ulaya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1300. Nkhope, zala ndi makwinya a nsalu amajambulidwa ndi penti wakuda kapena wofiirira, wosakaniza ndi galasi losinja, amene amawotchedwa pa madigiri oposa 600 kuti amamatire. Zidutswa zonse zimagwirizidwa ndi timizere ta mtovu, ndipo zitsulo zopingasa zimalimbitsa zenera lonse kukhoma.

Izi zikukhudza kamera motere: m'zenera limodzi lomwelo muli zidutswa zowala mosiyana kwambiri. Choyera ndi chachikasu zimalowetsa kuwala kochuluka, pomwe chofiira chakuya ndi buluu wakuya zimatsekereza kwambiri. Nkhope, zomwe ndiye mtima wa chithunzi, kawirikawiri zimakhala pa galasi loyera kapena lofiirira pang'ono, ndiye ndi zimene zimayamba kupserera.

Kuno kwathu magalasi okhala ndi zithunzi za anthu amapezeka makamaka m'matchalitchi akale a mishoni. St Michael and All Angels ku Blantyre, chomwe chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 motsogoleredwa ndi David Clement Scott, chili nawo. St Peter's ku Likoma, chomwe mwala wake wa maziko unaikidwa mu 1903, chilinso nawo. Ku Livingstonia kuli zenera lodziwika bwino loonetsa David Livingstone ali ndi sextant (chida choyezera dzuwa ndi nyenyezi pofuna kudziwa malo amene munthu ali), bokosi la mankhwala ndi anzake a paulendo, nyanja ili kumbuyo kwawo. Tchalitchi cha kumudzi nthawi zambiri sichikhala ndi zotere. Mumapezamo timagalasi tamakona anayi tofiira, tobiriwira ndi tachikasu topanda chojambula, kapena mtanda wosiyidwa ngati chibowo panjerwa, kapena mabuloko oboola, kapena lata loonekera padenga. Musazipeputse. Pa nkhani ya kuwala kogwera mkati, timagalasi topanda penti timaponya mitundu yowala bwino kuposa mazenera otchuka, chifukwa palibe chotsekereza dzuwa.

Dzuwa la kuno silili kumene mabuku a ku Ulaya amanena

Malangizo ambiri olembedwa ku England kapena ku France amati mazenera a kummwera ndi amene amawala kwambiri ndipo a kumpoto amakhala pamthunzi. Kumeneko n'zoona. Kuno tili kummwera kwa equator, ndiye zimatembenuka. Ku Lilongwe dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kawiri pachaka, chakumapeto kwa Okutobala komanso chapakati pa Febuluwale. Kuyambira Febuluwaleyo mpaka Okutobala, dzuwa la masana limakhala chakumpoto, ndipo mu Juni limangokwera madigiri pafupifupi 52 kuchokera pansi. Nyengo yozizira ndi imene mazenera a kumpoto amalandira dzuwa pafupifupi tsiku lonse, pomwe a kummwera amakhala pamthunzi. Mu Disembala dzuwa limatulukira ndi kulowera chakummwera, kotero mazenera a kummwera amalilandira mmawa ndi madzulo, koma masana limakhala pafupi ndi paliwombo ndipo denga lotulukira kunja kwa khoma limatchinga mazenera a mbali zonse.

Matchalitchi akale a Anglican ndi Katolika ambiri anamangidwa guwa likuyang'ana kummawa, ndiye zenera la kuguwa limawala mmawa, la kukhomo madzulo. Matchalitchi a kumudzi ambiri anangotsata msewu kapena mmene malo analili. Yang'anani kampasi ya pafoni musanapange mapulani.

Kwa wofuna galasi lenilenilo, tsiku labwino ndi la mitambo yopyapyala yoyera, kapena nthawi imene zeneralo lili mbali yamthunzi koma kumwamba kukuwala. Kuwala kumakhala kofanana kuchokera pamwamba mpaka pansi. Masiku a chiperoni kumapiri a kummwera ndi abwino pa ntchito imeneyi, ngakhale mudzafunika shutter yaitali. Dzuwa likawomba zenera mwachindunji zimavuta pawiri. Pamakhala malo amodzi owala mopitirira pomwe dzuwalo lalunjika, ndipo mthunzi wa waya kapena zitsulo zotetezera za kunja umadindika pagalasi ngati ukonde. Ukondewo sumachoka pakompyuta.

Tulukaninso panja mukaone zomwe zili kuseri kwa zenera. Galasi lopanda penti limaonetsa za kumbuyo kwake. Mtengo wa mango womwe uli pafupi udzadetsa theka la mmunsi la zenera n'kulipaka kubiriwira, pamene theka la mmwamba, lomwe kumbuyo kwake kuli thambo, likuwala. Khoma la njerwa la nyumba ya abusa lingasandutse buluu kukhala wotuwa. Nthawi zina kusuntha mamita awiri kapena kutsitsa kamera kumakwanira kuti kumbuyo kwa galasi lonse kukhale thambo lokha.

Kuyeza kuwala

Mukalowa, khalani kaye pabenchi mphindi zisanu kapena khumi kuti maso azolowere. Pemphani kuti magetsi a mkati azimitsidwe ngati alipo. Kuwala kwa mababu kumagwera kumaso kwa galasi, kumaonetsa fumbi ndi mtovu, ndipo kumazimiritsa mitundu. Flash imachita zomwezo moipirapo: mtovu umasanduka wotuwa, ukonde wa kangaude uliwonse umaoneka, ndipo galasi limakhala ngati lakufa. Izimitseni.

Ikani kamera pa tripod (choimikira cha miyendo itatu), pa M (pomwe mumatchera zonse nokha), ISO 100, f/8, ndipo sungani zithunzi pa RAW. Chifukwa chosankhira f/8 n'chakuti malenzi ambiri amakhala akuthwa kwambiri pakati pa f/5.6 ndi f/11. Mukapitirira f/16 chithunzi chimayamba kufewa, ndipo timizere ta penti wa pankhope ndi tomwe timayamba kusowa. White balance, imene imauza kamera mtundu wa kuwala komwe kulipo, musaisiye pa auto. Kamera ikaona zenera lodzaza ndi buluu imayesa kuchotsa buluuyo powonjezera chikasu, ndiye mitundu yonse imapotoka. Iikeni pa chizindikiro cha dzuwa, kapena pakati pa 5200K ndi 5500K, ndipo musaisinthe mpaka mutamaliza mazenera onse kuti zithunzi zidzafanane.

Kenako sankhani spot metering, imene imayeza kadontho kamodzi kokha, ndipo ilozeni pa chidutswa chowala pakatikati, monga chobiriwira. Mukayeza pa choyera, zenera lonse lida. Mukayeza pa buluu wakuya kapena pa mtovu, zonse zipserera. Jambulani chimodzi choyesera, muone.

Pano ndi pomwe ambiri amapusitsika. M'chipinda chamdima sikirini ya kamera imaoneka yowala kuposa mmene chithunzi chilili, ndiye maso sangakuuzeni zoona. Dalirani histogram, kachithunzi koonetsa kuchuluka kwa mdima kumanzere ndi kwa kuwala kumanja, ndipo ikhale ya mitundu itatu payokhapayokha: yofiira, yobiriwira ndi yabuluu. Histogram wamba yoyera imaphatikiza zonse, ndipo ingaonetse ngati zinthu zili bwino pomwe mzere wofiira wagunda kale khoma la kumanja. Zikatero mkanjo wofiira umatuluka ngati chigamba chimodzi chopanda makwinya, ndipo nthawi zina umapita ku olenji. Buluu wa cobalt nayenso akapitirira muyeso amasanduka pepo kapena wotumbululuka. Fulumizitsani shutter pang'onopang'ono, gawo limodzi mwa magawo atatu a sitopu nthawi iliyonse, mpaka mizere yonse itatu italekana ndi khomalo. Yatsaninso chenjezo lomwe limathwanimitsa malo opserera. Likamathwanima pankhope kapena padzanja, chepetsani kuwala. Likamathwanima pa kabowo komwe galasi linasweka, lisiyeni, pamenepo palibe choti musunge.

Ngati simufuna M, gwiritsani A kapena Av, pomwe kamera imasankha yokha shutter, ndi kutsitsa exposure compensation, batani la +/- lowonjezera kapena kuchepetsa kuwala. Zenera likadzaza chithunzi chonse, -1 nthawi zambiri imakwanira. Likakhala laling'ono pakati pa khoma lamdima mungafike -2 kapena -3. Khomalo lidzada bii, ndipo pa chithunzi cha mtundu uwu zimenezo n'zoyenera. Mdima wozungulira ndi umene umapangitsa mitundu kuoneka yokhuta.

Focus ichitidwe pamanja. Kulitsani chithunzi pa sikirini maulendo 5 kapena 10, lunjikani pa diso lojambulidwa kapena m'mphepete mwa mtovu, zungulitsani mpaka pathwe. Autofocus imakonda kudumphira pa waya wa kunja kapena pa masamba a mtengo, makamaka pa galasi loonekera bwino. Zimitsani stabiliser, yochepetsa kugwedezeka, pamene kamera ili pa tripod, ndipo gwiritsani timer ya masekondi 2 kuti chala chanu chisagwedeze kamera. Ngati pansi ndi pa matabwa, imani chilili mpaka shutter itatseka.

Pali vuto lina lomwe anthu amaliyesa la focus pomwe si la focus. Galasi lowala kwambiri limasefukira pa mtovu woyandikana nalo, ndiye mizere yakuda imaoneka yopyapyala ndi yachifunga. Gawo lina la izi ndi chilengedwe cha kuwala, ndipo ngakhale diso limaona choncho. Koma gawo lalikulu limachokera ku lenzi yakuda ndi mafuta a zala, kapena ku filter ya UV yotsika mtengo imene imabweza kuwala mkati. Pukutani lenzi, chotsani filter, valitsani hood (kachitchingo ka kutsogolo kwa lenzi), ndipo ngati pali zenera lina lowala pambali, litchingeni ndi chipewa kapena katoni kuti lisawombe lenzi.

Poima

Mazenera amakhala pamwamba, ndipo kamera ikapendekera mmwamba mizere yoongoka imayamba kukumana kunsonga, zenera n'kumaoneka ngati likugwera chagada. Mankhwala ake ndi mtunda. Ngati pakati pa zenera pali mamita 6 pamwamba pa kamera ndipo mwaima mamita 6 kuchokera kukhoma, mukupendeka madigiri 45. Mukabwerera mpaka mamita 24 mumangopendeka madigiri 14. Ndiye pitani kutali momwe chipinda chingalolere ndipo kokani zenera ndi lenzi yaitali, ya pakati pa 70mm ndi 200mm. Mazenera a m'mbali ajambuleni mutatsamira khoma la tsidya linalo. Ngati muli khonde la mmwamba la kwaya, pemphani kukwerako. Kukwera pa benchi kumangowonjezera theka la mita, ndipo mabenchi ambiri a kumudzi sakhazikika, ndiye phindu lake n'lochepa poyerekeza ndi ngozi yake.

Imani pakati penipeni pa zenera, osati chakumbali. Kupendeka kwa mmwamba kokha n'kosavuta kukonza pakompyuta. Kukaphatikizana ndi kwa m'mbali, mabwalo amasanduka mazira ndipo nkhope zimapotoka. Siyaninso malo okwanira kuzungulira zenera, chifukwa kuwongola kumadya m'mphepete mwa chithunzi, ndipo nsonga ya zenera ndi imene imadulidwa koyamba.

Mukamaliza cha zenera lonse, yandikirani ndi lenzi: chigawo chilichonse pachokha, kenako nkhope, manja, ndi mawu olembedwa mmunsi. Mawu amenewo kawirikawiri amatchula wopereka zenera kapena wokumbukiridwa, ndipo pakona nthawi zina pamakhala kachizindikiro ka amisiri. Chigawo chilichonse chiyezedwe pachokha, poti chodzaza ndi buluu chingafune sitopu imodzi kapena ziwiri kuposa chodzaza ndi choyera.

Zenera ndi chipinda pamodzi

Njira yoyamba ndi yodikira. Mbandakucha ndi chisisira, kuwala kwa kunja kumatsika mpaka kuyandikira kwa mkati, makamaka ngati mwayatsa magetsi kapena makandulo. Kwathu kuno nthawi imeneyi ndi yaifupi, chifukwa pafupi ndi equator dzuwa limalowa molunjika ndipo mdima sumachedwa. Khalani mutatchera kale zonse dzuwa lisanalowe.

Njira yachiwiri ndi kujambula zithunzi zingapo kamera ili malo amodzi, n'kudzaziphatikiza. Pa chitsanzo chathu chija mungajambule zisanu zosiyana masitopu awiriawiri: 1/125, 1/30, 1/8, 1/2 ndi masekondi 2. Sinthani shutter yokha. Mukasintha f, kuya kwa focus kumasintha ndipo zithunzi sizigwirizana. Choyamba chisunge mitundu yonse ya galasi, chomaliza chionetse mitengo ya denga ndi pansi pa mabenchi. Lightroom imaziphatikiza, ndipo pa mapulogalamu aulere pali darktable ndi Hugin.

Cholakwika chofala apa ndi kupitirira muyeso. Pulogalamu imatha kuwalitsa chipinda mpaka kufanana ndi zenera, ndipo chotuluka chimakhala chithunzi chosalala chopanda mthunzi, chokhala ndi kachifunga koyera kuzungulira zenera lililonse. Palibe munthu amene anaonapo tchalitchi chotero. Zenera liyenera kukhalabe chinthu chowala kwambiri m'chithunzi, ndipo m'makona muyenera kukhalabe mdima. Ambiri odziwa ntchitoyi amangotenga zithunzi ziwiri, cha galasi ndi cha chipinda, n'kuziika chimodzi pamwamba pa chinzake, kenako n'kufufuta pamanja pamalo a mazenera okha.

Ngati magetsi ayaka, kumbukirani kuti a kuno ndi a 50Hz, ndipo machubu ndi mababu ena a LED amaphethira mogwirizana ndi zimenezo. Shutter yofulumira, makamaka ya electronic yomwe siichita phokoso, imatulutsa mikwingwirima yopingasa. Gwiritsani 1/50, 1/100 kapena yochedwa kuposa apo.

Kuwala komwe kwadutsa

Kwa tchalitchi cha kumudzi, chithunzi chabwino kwambiri nthawi zambiri chimakhala chimenechi, ndipo malamulo ake ndi osemphana ndi a poyamba aja. Pano mukufuna dzuwa lenileni, lopanda mtambo, lili mmunsi: maola awiri oyamba litatuluka kapena awiri omaliza lisanalowe. Likakhala mmunsi kuwala kumalowa patali m'chipinda n'kukwera pakhoma la tsidya. Khoma lopaka laimu limalandira mitundu bwino kwambiri. Pansi pa simenti yopaka polishi wofiira pamadya buluu ndi kubiriwira, koma pamanyezimira, ndiye mukatsitsa kamera mpaka m'mawondo mungapeze chithunzi cha zenera chikuonekera pansipo. Filter ya polariser pano ingachotse kunyezimira komwe mukufunako, isiyeni m'chikwama.

Musavutike kufunafuna focus pa mitundu yogwera pakhomayo, siingathwe. Dzuwa si kadontho, m'lifupi mwake ndi pafupifupi theka la digiri, ndiye pa mtunda wa mamita 10 m'mphepete mwa chigamba chilichonse mumafalikira masentimita pafupifupi 9. Lunjikani pa chinthu chomwe kuwalako kwagwera: njerwa, mutu wa benchi, nsalu ya paguwa, buku la nyimbo lomwe lasiyidwa. Chifukwa chomwecho ndi chimene chimapangitsa kuti timabowo ta misomali pa malata tiponye timadontho tozungulira pansi, kaya bowolo n'lotani. Kadontho kalikonse ndi chithunzi cha dzuwa lenilenilo, ndipo pansi pa denga la mamita 5 kamakula masentimita 4 kapena 5.

Kuwalako sikudikira munthu. Dzuwa limayenda madigiri 15 pa ola, ndiye chigamba chomwe chili mamita 10 kuchokera pazenera chimasuntha masentimita pafupifupi 4 pa mphindi iliyonse. Onani komwe chikulowera, tcherani kamera pamene chikafike, dikirani. Kuthamangitsana nacho ndi tripod sikupindula. Pa chifukwa chomwechi, zithunzi zophatikiza zijambulidwe mofulumizana.

Yezani kuwala pa chigamba chowalacho, osati pa mthunzi, ndipo ngati n'kotheka zenera lenilenilo likhale kunja kwa chithunzi. Mitundu yogwera pakhoma ndi yofooka kwambiri poyerekeza ndi ya pagalasi, ndiye mukaziika pamodzi china chiyenera kuluza.

Mizati ya kuwala yooneka mumpweya imafuna zinthu zitatu: dzuwa lolowera pa kampata kakang'ono, fumbi kapena utsi, ndi mdima kumbuyo kwake. Imaoneka bwino mukayang'ana chakomwe ikuchokera koma chopendekera, ndipo imazimiririka dzuwa likakhala kumbuyo kwanu. Ku Katolika ndi ku Anglican, utsi wa lubani umatsalira mphindi zingapo mwambo utatha. Kwina konse, nthawi yabwino ndi pamene amayi angomaliza kusesa pokonzekera Lamulungu, makamaka m'chilimwe. Tsekani zitseko kuti mphepo isabalalitse fumbilo komanso kuti kuwala kwa pakhomo kusachepetse mdima. Tsitsani exposure sitopu imodzi kuposa yomwe kamera ikunena. Musasinthe lenzi muli m'fumbimo, ndipo musasuzumire dzuwa kudzera pa viewfinder ya galasi muli ndi lenzi yaitali, mungavulaze diso.

Ngati muli ndi foni yokha

Mfundo ndi zomwezo. Pukutani lenzi, zimitsani flash. Dinani pa zenera ndi kugwirabe mpaka foni itatseka focus ndi exposure, kenako kokerani pansi kachizindikiro ka dzuwa mpaka mitundu itakhuta. Gwiritsani lenzi ya 2x kapena 3x ngati ndi lenzi yeniyeni. Kukulitsa ndi zala kumangotambasula madontho, ndipo lenzi ya 0.5x imapinda mizere. Night mode muizimitse pojambula galasi, chifukwa ntchito yake ndi kuwalitsa mdima, zomwe simukuzifuna pano. Mafoni ambiri a Android ali ndi Pro mode momwe mungasankhe ISO yotsikitsitsa, shutter ndi white balance. M'malo mwa tripod, kathumba ka mpunga kapena nyemba kosanjikidwa pa mutu wa benchi kamagwira foni bwino, bola mugwiritse timer. Potumiza pa WhatsApp, tumizani ngati document, apo ayi zofiira ndi zabuluu zimaphwanyika kukhala timabokosi.

Chilolezo ndi kusamala

Tchalitchi chili ndi eni ake. Yambani mwaonana ndi abusa, bambo mfumu, akatekisiti kapena mkulu wa mpingo, ndipo fotokozani komwe zithunzizo zikupita. Amene amasunga makiyi ndi amenenso amadziwa nthawi imene dzuwa limafika paguwa, ndiye afunseni. Pa nthawi ya mapemphero tripod ndi kuyendayenda sizoyenera, ndipo malo a kuguwa musakwerepo musanauzidwe. Munthu amene akupemphera payekha musamujambule osamupempha. Mpingo muupatseko zithunzizo.

Zenera likaoneka lakuda, musalipukute. Pa magalasi akale penti amatha kukhala atayamba kusupuka, ndipo nsalu yonyowa ingachotse nkhope yomwe yakhalapo zaka zoposa 100. Mtovu wokalamba nawo ndi wofooka, moti kukankha pang'ono kungamasule chidutswa.

Pali nthawi imodzi yokha imene kuwala kwa mkati kumathandiza. Ngati mpingo ukufuna zithunzi zoonetsa mmene zenera lawonongekera, dikirani kunja kude, kenako walitsani ndi tochi kuchokera chakumbali, moyandikira khoma. Ming'alu, malo omwe zenera lafufuma, mtovu wothyoka ndi penti wosupuka zimaoneka bwino, zomwe kuwala kwa kuseri kumabisa. Jambulani chigawo chilichonse kawiri muli malo amodzi, masana ndi kuwala kwa kuseri komanso madzulo ndi tochi, ndipo lembani dzina la tchalitchi, tsiku ndi mbali yomwe zeneralo lili, kuyambira kuguwa kumazungulira.

Pokonza pakompyuta, yatsani chochotsa timizere tapepo ndi tobiriwira tomwe timabwera m'mphepete mwa mtovu, wongolani mizere, tsitsani highlights (malo owala kwambiri) pang'ono, ndipo dzanja likhale kutali ndi saturation (kukhuta kwa mitundu), poti galasi loyezedwa bwino limakhala lokhuta kale. Buluu akaoneka wopita ku pepo, konzani hue (kaonekedwe ka mtundu) ya buluu yekhayo osati white balance ya chithunzi chonse. Zopita pa intaneti zisungidwe mu sRGB, ndipo mafayilo a RAW muwasunge padera osawakhudza.